Kusankha Mutu wa Chimangirizo Chofunsira Malo ku Koleji

Mau a nkhani yokambidwa pa wailesi kwa ophunzira a Folomu 4, makolo awo ndi aphunzitsi

Chaka ndi chaka, zotsatira za mayeso a MSCE zikangotuluka, m'midzi yozungulira Nsaru mumamveka nthungululu. Kwa Kabudula, ku Nambuma, ku Mpingu ndi ku Namitete kumapezeka makomo angapo amene mwana wakhoza bwino, ndipo nkhuku imafa tsiku lomwelo. Koma chimwemwe chimenechi sichikhalitsa, pakuti pakapita masiku oŵerengeka bambo ndi mayi amakhala pansi n'kuyamba kuŵerengetsera. Fodya anagulitsidwa kale ku Kanengo, ndalama zake zinathera kubweza ngongole ya feteleza, ndipo m'nkhokwe muli chimanga chongokwanira kufika mu Januwale. Mwana wakhoza ndithu, koma nanga apita bwanji patsogolo?

Pa nthaŵi yotere mphunzitsi wina wokoma mtima amatumiza uthenga pa foni, wonena kuti kuli bungwe limene likufuna ana anzeru koma osoŵa kuti liwalipirire maphunziro, kapena kuti koleji ina ya kunja ikulandira mafomu. Mwana uja amathamangira kumene kuli intaneti, natsegula fomuyo. Dzina, zaka zobadwa, mudzi, mfumu, sukulu ndi mapointi, zonsezi amalemba mosajejema. Koma kumapeto kwake amapezako tsamba loyera, ndi lamulo lakuti asankhe mutu umodzi mwa mitu ingapo, alembe za moyo wake. Apa mpamene ana ambiri amene anagonjetsa masamu ndi sayansi amangoti kakasi, osadziŵa poyambira. Ena amaisiya fomuyo osaimaliza. Ena amapempha munthu wina kuti awalembere. Nkhani ya lero ikukamba za tsamba loyeralo, makamaka za kasankhidwe ka mutu, chifukwa wolakwitsa posankha chokamba walakwitsa chimangirizo chonse.

Makomo Amene Amafuna Chimangirizo

Choyamba nkofunika kusiyanitsa makomo. Mayunivesite a Boma m'dziko muno, ndiwo Yunivesite ya Malaŵi ku Zomba, MUBAS ku Blantyre, KUHeS ku Blantyre ndi ku Lilongwe, LUANAR ku Bunda, Yunivesite ya Mzuzu ndi MUST ku Thyolo, amasankha ophunzira ochokera ku sekondale poyang'ana m'mene anakhozera MSCE. Wofunsa malo ayenera kukhala ndi makirediti 6, kuphatikizapo Chingerezi, ndipo fomu yake imadzera ku bungwe la NCHE. Pakhomo limeneli olankhula ndi mapointi. Wosankhidwa amene alibe ndalama angathe kupempha ngongole ku bungwe la ngongole za ophunzira limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015.

Koma alipo makomo ena amene mapointi okha sakwanira kuwatsegula. Bungwe la Mastercard Foundation, kuyambira mu 2012, lakhala likulipirira achinyamata a mu Africa m'mayunivesite monga Cape Town ndi Pretoria ku South Africa, Makerere ku Uganda ndi Ashesi ku Ghana. Sukulu ya African Leadership Academy ku Johannesburg, imene inatsegulidwa mu 2008, ndi ya Waterford Kamhlaba ku Eswatini zimalandira ana ochokera m'maiko ambiri. Ku America makoleji opitirira 1,000 amagwiritsa ntchito fomu imodzi yotchedwa Common Application, imene inayamba mu 1975 ndi makoleji 15 okha, ndipo fomuyi imafuna chimangirizo cha mau osachepera 250 ndi osapitirira 650. Ku Britain wofunsa malo amadzera ku UCAS, kumene amapatsidwa malo okwana zilembo 4,000. Kuyambira ndi ophunzira oloŵa mu 2026, malo ameneŵa agaŵidwa m'mafunso atatu: chifukwa chimene wasankhira maphunzirowo, m'mene sukulu yamkonzekeretsera, ndi zimene wachita kunja kwa kalasi. Ngakhale m'dziko muno, mipingo ndi mabungwe ambiri othandiza ana pa sukulu amafuna kalata yofotokoza chifukwa chimene mwanayo ayenera kuthandizidwa.

Chifukwa chake nchapafupi. Pa tebulo la osankha pamafika mafomu mazanamazana a ana okhoza mofanana, pamene malo ndi ochepa. Mapointi amaonetsa kuti mwana amamva za m'kalasi, koma sanena ngati ali wopirira, wokonda kufunsa, kapena wokumbukira kwawo. Osankhawo sangafike ku Nsaru kudzamuona mwanayo akukankha njinga m'matope pa ulendo wa ku sukulu. Chimene ali nacho ndi tsamba limodzi lija basi.

Kalata Yolembedwa ku Kampala

Kufunsira malo a sukulu ndi cholembera si chinthu chachilendo kwa Amalaŵi. Omvera achikulire akumbukira dzina la Legson Kayira, wa m'mudzi wa Mpale kwa Nthalire, m'boma limene lero ndi Chitipa. Ataphunzira ku Livingstonia, mnyamatayu ananyamuka wapansi mu Okutobala 1958, wopanda nsapato, ali ndi cholinga chokaphunzira ku America. Anayenda kudutsa Tanganyika, akugwira ganyu m'njira kuti apeze chakudya, mpaka anafika ku Kampala. Kumeneko, m'nyumba yoŵerengeramo mabuku ya Boma la America, anapeza buku la maina a makoleji, nalembera kalata koleji ya Skagit Valley m'chigawo cha Washington. Analibe womlankhulira, analibenso ndalama. Kolejiyo inamyankha kuti yampatsa malo pamodzi ndi thandizo. Anapitiriza ulendo mpaka ku Khartoum, ndipo anthu a kumene kunali kolejiyo atamva za iye anasonkha ndalama za ndege, kotero kuti anafika ku America mu Disembala 1960. Pambuyo pake anaphunzira ku Yunivesite ya Washington ndi ku Cambridge, ndipo buku la ulendo wake, I Will Try, linatuluka mu 1965. Tsokonombwe anathadi mtunda n'kudumpha.

Patapita zaka zoposa 40, William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala, kwa Wimbe ku Kasungu, analeka sukulu ya sekondale pa nthaŵi ya njala ya 2001 ndi 2002 chifukwa chosoŵa fizi. Poŵerenga mabuku a m'laibulale yaing'ono ya kwawo, anamanga makina opanga magetsi ndi mphepo, pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugama, zitsulo za njinga ndi zina zotola kudzala. Mu 2007 anaitanidwa kukalankhula ku msonkhano wa TED ku Arusha, mu 2008 analoŵa African Leadership Academy, ndipo mu 2014 anamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America.

Anthu aŵiriŵa sanabwereke mbiri ya wina. Chimene chinawatsegulira makomo chinali chinthu chimene iwo eni anachita ndi mapazi ndi manja awo, chokambidwa monga momwe chinalili. Si mwana aliyense amene angayende wapansi mpaka ku Kampala kapena kumanga makina a mphepo, ndipo osankha sayembekeza zimenezo. Koma phunziro lake ndi limodzi: zinthu za kumudzi, zimene mwini wake amaziyesa zachabe, ndizo zimene mlendo amatchera khutu kuti amve.

Chimene Chimamanga Dzanja

Ngati zili choncho, nchifukwa ninji mwana wa ku Nsaru amavutika kulemba za iye mwini? Zifukwa zazikulu ndi ziŵiri.

Choyamba ndi ulemu. Mwana woleredwa bwino pakati pa Acheŵa amaphunzitsidwa kusadzitama. Akayamikiridwa amaŵerama, akafunsidwa ndi akulu amayankha mwachidule, ndipo amadziŵa kuti ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Tsono fomu ikamuuza kuti akambe za iye mwini, amaona ngati akumlamula kuswa mwambo. Komatu kudzitama ndi kuchitira umboni ndi zinthu zosiyana. Mboni ikaima pa bwalo la mfumu sinena kuti ndi munthu wabwino kapena wanzeru. Imanena tsiku, malo, chimene inaona ndi chimene inachita, ndipo oŵeruza ndi ena. Chimodzimodzinso wolemba chimangirizo ichi. Asalembe kuti ndi wakhama. Alembe kuti kwa zaka zinayi, nyengo ya nazale ikafika, ankadzuka tambala woyamba kukathirira fodya asanapite ku sukulu, ndipo woŵerenga adzaŵeruza yekha.

Chachiŵiri ndi chizoloŵezi cha mayeso. Ku sekondale mwana amaphunzira kuti chimangirizo chikhale ndi chiyambi, thunthu ndi mathero, ndipo zimenezi nzabwino. Koma ambiri amazoloŵeranso kuloŵeza zimangirizo za ena, kupeka nkhani ya ngozi imene sanaione, ndi kukometsera ndime ndi mau akuluakulu a Chingerezi kuti wochonga achite nawo mantha. Pa mayeso nkhani yopeka imaloledwa, koma pa fomu yofunsira malo nkhani yopeka ndi bodza. Wochonga mayeso amafuna kuona ngati mwana akudziŵa chilankhulo, pamene wosankha ophunzira amafuna kumdziŵa mwanayo.

Kasankhidwe ka Mutu

Mitu ya pa Common Application ilipo 7, ndipo mafomu ena ambiri amafunsa zofanana nayo. Woyamba umafunsa za kumene munthu anachokera, kapena za luso limene popanda ilo mbiri yake ingakhale yopereŵera. Wachiŵiri umafunsa za chopinga kapena kulephera kumene anakumana nako, ndi chimene anaphunzirapo. Wachitatu ndi wa nthaŵi imene anakayika kapena kutsutsa chikhulupiriro china. Wachinayi ndi wa chinthu chimene wina anamchitira, chimene chinamdzaza ndi kuthokoza mosayembekezera. Wachisanu ndi wa chochitika chimene chinamkulitsa maganizo. Wotsatira ndi wa nkhani imene akayamba kuiganizira sazindikira kuti dzuŵa laloŵa. Wotsiriza umampatsa ufulu wosankha yekha.

Ana ambiri akaŵerenga mndandanda umenewu amafunsa kuti, mwa mitu yonseyi, umene osankha amaukonda ndi uti? Funso limeneli ndilo chiyambi cha kusokera, pakuti palibe mutu umene uli ndi malikisi ambiri kuposa unzake. Njira yabwino ndi kutseka fomu kaye, kutenga kope, ndi kulembamo zochitika zisanu kapena kuposerapo za m'moyo wake, zimene akazikumbukira amaonanso malo ake ndi nkhope za amene analipo. Kenaka chochitika chilichonse achiyese ndi mafunso atatu. Kodi iye mwini analipo nachitapo kanthu, kapena anangomva kwa ena? Kodi mnzake wa pa desiki limodzi sangathe kulemba zomwezo osasintha liu? Kodi chitachitika chinthucho, maganizo kapena machitidwe ake anasintha? Chochitika chimene chaima bwino pa mafunso atatuŵa ndicho nkhani yake. Akatero atsegulenso fomu, ndipo adzapeza kuti mutu woyenera nkhaniyo ulipo kale. Fodya wa munthu ndi amene ali pamphuno. Wa pachala ngwa mphepo.

Ndiponso asankhe chochitika chimodzi chokha. Mau 650 ndi ochepa, munthu amatha kuwaŵerenga mokweza m'mphindi zisanu. Wofuna kuikamo kubadwa kwake, imfa ya agogo, mpira, kwaya ya ku tchalitchi ndi maloto ake onse sadzafotokoza chilichonse mokwanira. Mapanga aŵiri avumbwitsa.

Mwa kungoyerekeza, pakhale atsikana aŵiri a ku Nsaru amene onse akufuna maphunziro a zaulimi. Woyamba akulemba kuti chuma cha Malaŵi chagona pa ulimi, kuti anthu ambiri amakhala kumudzi, ndi kuti iye akufuna kudzathetsa njala m'dziko lonse. Palibe bodza m'mau ameneŵa, koma mulibenso mwini wake. Angathe kulembedwa ndi mwana aliyense kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa.

Wachiŵiri akuyamba ndi ngodya ina ya munda wa mayi ake, pamene chimanga chinkapinimbira chaka ndi chaka, ndipo pakati pa mizere pankamera timaluŵa tofiira ta kaufiti. Achibale ena ankanong'ona kuti pamenepo panadutsa munthu usiku. Iye ali Folomu 2 anakumba phesi limodzi mosamala, natsuka mizu yake m'beseni, napeza kuti mizu ya kaufiti inali itakanirira ku mizu ya chimanga, ikuyamwa madzi ndi chakudya. Anafunsa mphunzitsi wa zaulimi ndi mlangizi, namva kuti njere za chomerachi nzazing'ono ngati fumbi, zimatha kugona m'nthaka zaka zoposa 10, ndipo chimavuta kwambiri pa nthaka yoguga. Anapempha mayi ake kuti pangodyapo abzalepo soya ndi mtedza, ndi kuti azizula kaufiti asanabereke njere. Chaka choyamba mayi anakana, poopa kuchepetsa chimanga cha banja. Chaka chachiŵiri analola mizere khumi yokha. Kaufiti sanatheretu, koma anachepa. Mtsikanayo akumaliza ndi funso limene likumvutabe: angachite chiyani kuti nzeru zonga zimene akatswiri amafufuza ku Chitedze ndi ku Bunda, m'boma lomweli la Lilongwe, zizifika msanga m'minda yonga ya mayi ake?

M'nkhani yachiŵiriyi mulibe mphotho, mulibe ulendo wautali, ndipo ngakhale chipambano chake nchosakwanira. Koma woŵerenga wamuona mtsikanayo. Wadziŵa kuti ndi wofunsa, wodekha, waulemu kwa mayi ake koma wosataya mtima msanga, ngakhale mwini wake sanatchule ndi limodzi lomwe la mau ameneŵa. Ndipo nkhani imodziyo ingaloŵe pa mutu wa kutsutsa chikhulupiriro, pa mutu wa chopinga, kapena pa mutu wa chinthu chimene chimamtenga mtima. Nchifukwa chake nkhani iyenera kutsogola, mutu n'kutsatira pambuyo.

Nkhani zotere zadzaza m'dera lonseli. Alipo anyamata amene amalembera amayi awo kaundula wa banki m'khonde, nadziŵa chiongoladzanja asanachiphunzire m'kalasi. Alipo atsikana amene anakhala masabata akudwazika agogo awo ku chipatala cha Kabudula kapena cha St Gabriel ku Namitete, naona m'mene namwino amalankhulira ndi munthu wamantha. Alipo amene anaphunzira kukonza njinga za kabaza pa msika, amene amasankha magiredi a fodya mosaphonya, ndi amene anaphunzitsa ang'ono awo kuŵerenga polemba pa mchenga. Aliyense wa iwo ali nacho chimangirizo, kungoti palibe anamuuza.

Umphaŵi, Chinsinsi ndi Choonadi

Pali msampha wina woyenera kuutchula. Popeza mabungwe ambiri amafuna ana osoŵa, ena amaganiza kuti wopambana ndi amene walira kwambiri. Motero amadzaza tsamba lonse ndi njala, nsanza ndi misozi, ndipo ena amafika popha makolo amoyo pa pepala kuti aoneke amasiye. Limeneli ndi bodza lochititsa manyazi, ndiponso loopsa, chifukwa mabungwe amafunsa kwa aphunzitsi, kwa mafumu ndi kwa atsogoleri a mpingo, ndipo ena amafika pakhomo penipeni. Wogwidwa amataya malo ake, naipitsanso dzina la sukulu yake kwa ana obwera m'mbuyo. Umphaŵi ukakhalapo unenedwe poyera, m'mau ochepa ndi oona: banja limalima maekala angati, mwanayo anabwezedwa kangati chifukwa cha fizi. Koma thunthu la chimangirizo likhale pa chimene iye anachita ali mkati mwa umphaŵiwo. Osankha akufuna wophunzira, ndipo chisoni chokha sichiwauza ngati adzalimba m'kalasi.

Ndiponso si chilichonse choona chimene chili choyenera kulembedwa. Matenda a mayi, kumwa kwa bambo, kapena mkangano wa malo pakati pa atsibweni ndi ana a alongo awo ndi nkhani za anthu ena, ndipo mwana asanazitumize kwa alendo ayenera kupempha chilolezo kwa eni ake. Chimodzimodzinso za mwambo. Gule Wamkulu analengezedwa ndi UNESCO mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, ndipo mnyamata wokulira pakati pa ng'oma angathe kulemba monyadira za zimene aliyense amaona pa bwalo, za kuomba ng'oma, ndi za m'mene ankagaŵira nthaŵi yake pakati pa mwambo ndi sukulu. Koma za kudambwe zimatsala kudambwe. Palibe koleji imene imafuna kuti munthu agule malo ndi chinsinsi cha mudzi wake.

Polemba

Mafomu ambiri amafuna Chingerezi, ndipo ichi chimaopsa ana a m'masukulu oyendera a kumudzi, amene amadziyerekeza ndi anzawo a m'tauni. Njira yothandiza ndi kuyamba kuikamba nkhaniyo pakamwa, m'Chicheŵa, kwa agogo kapena kwa mnzake. Pamene womvera wafunsa kuti, "Ndiye zinatha bwanji?" pamenepo mpamene pagona nkhani. Pamene wayamba kuyasamula, ndime imeneyo ichotsedwe. Akatero ailembe m'Chingerezi chapafupi, cha ziganizo zazifupi, chimene iye mwini angathe kuchilankhula. Mau otola m'dikishonale, amene mwini wake sangawatchule n'komwe, ali ngati jekete yobwereka pa ukwati: aliyense amaona kuti mikono yapitirira. Liu la kwawo limene lilibe lofanana nalo, monga ganyu kapena chigafa, angathe kulisiya momwemo n'kulifotokoza mwachidule, chifukwa limasonyeza kumene nkhani yachokera.

Chiyambi chiloŵe m'nkhani mosazungulira, pa malo ndi pa tsiku, osati pa mau a munthu wotchuka wa kunja. Mathero anene chimene mwanayo akufuna kukaphunzira ndi chifukwa chake, mogwirizana ndi nkhani imene wakamba. Aŵerenge kuchuluka kwa mau ake, pakuti fomu ya pa intaneti silandira opitirira muyeso. Alembe, agoneke pepala masiku aŵiri kapena atatu, aliŵerenge mokweza, ndipo alembenso. Kulemba katatu kapena kanayi si umbuli. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mphunzitsi ali ndi gawo lake. Angathe kuŵerenga, kufunsa mafunso, ndi kusonyeza pamene sipakumveka kapena pamene galamala yapunduka. Koma asalembe m'malo mwa mwana, ngakhale atamumvera chisoni chotani. Masiku ano kwabuka anthu olipiritsa kuti alembere ana zimangirizo, kwabweranso mapologalamu a pa kompyuta monga ChatGPT, imene inatuluka mu 2022, amene amatulutsa tsamba losalala m'kanthaŵi kochepa. Chimangirizo chotero nchikomekome cha nkuyu. Makina sanauone munda wa ku Nsaru, motero amamlembera mwana wa kuno zimene angalembere mwana wa ku Lagos kapena ku Nairobi. Ndiponso mabungwe ambiri amaitana amene awakonda kuti acheze nawo pamaso kapena pa foni, ndipo mafunso amachokera m'chimangirizo momwemo. Mtsikana amene anatsukadi mizu ya chimanga angayankhe mpaka dzuŵa kuloŵa, koma wolemberedwa amagwidwa pa funso lachiŵiri. Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka.

Nthaŵi nayo njofunika kuisamala. Makoleji ambiri a ku America amatseka kulandira mafomu kumayambiriro kwa Novembala kapena kwa Januwale. Ku Britain maphunziro a udokotala, ndiponso Oxford ndi Cambridge, amatseka pakati pa Okutobala, ndipo ambiri otsalawo mu Januwale. Imeneyi ndi miyezi imene ku Nsaru anthu ali kalikiliki kukonza minda, kubzala, kuokera fodya ndi kupalira. Wanzeru amalemba m'chilimwe, akangomaliza mayeso, osadikira zotsatira. Adziŵenso kuti kuyambira mu 2025 malamulo a ziphaso zoloŵera ku America akhala akukhwima, choncho afufuze kaye ku ofesi ya kazembe asanaonongepo ndalama, ndipo asaiŵale makomo a mu Africa momwe muno. Uthenga wa pa WhatsApp wolonjeza malo a sukulu kwa amene atumize ndalama pa foni ngwoyenera kuukayikira. Afunse kaye kwa mphunzitsi wamkulu, pakuti safunsa anadya phula.

Kwa Makolo

Bambo kapena mayi amene sanapite patali ndi sukulu angaganize kuti pa nkhani iyi alibe chothandiza. Si choncho ai. Iwo ndiwo nkhokwe ya mbiri ya mwanayo. Amakumbukira chaka chimene mvula inadula chimanga chili m'maondo, tsiku limene anagulitsa mbuzi kuti alipire mayeso, ndi mafunso amene mwanayo ankafunsa ali wamng'ono. Akabwera ndi kope madzulo nayamba kufunsa zakale, amuyankhe moleza mtima. Ampatse nyali, ampumitse kumunda tsiku limodzi kapena aŵiri, ndipo mtsikana apatsidwe mpata wofanana ndi wa mlongo wake, osati kuti azilemba pakati pa usiku atatha ntchito zonse za pakhomo.

Si onse olemba bwino amene adzasankhidwa, pakuti malo ndi ochepa ndipo ofunsa ndi ambiri. Koma mwana amene wakhala pansi nalemba moona za kumene wachokera ndi kumene akufuna kupita sanataye nthaŵi. Tsamba lomwelo adzalikonza pofunsira thandizo ku koleji ya uphunzitsi, ya unamwino, kapena ya ntchito zamanja monga ya ku Namitete, ndiponso pofunsira ntchito, ndipo akadzaitanidwa kukaonekera pamaso pa akuluakulu adzakhala atadziŵa kale choyankha. Asagogode khomo limodzi lokha, ndipo amene sayankhidwa chaka chino akonzenso pepala lake, atumize chaka chamaŵa.